Kodi pali jakisoni wodzutsa munthu akamugonetsa pa opaleshoni yaying'ono?

Mayi wina wa ku Chinamwali walemba motere: "Adokotala, abambo akunyumba ali ndi chotupa pamsana, akuchipatala akuti ndi cha mafuta chabe ndipo awapatsa tsiku loti akachotse, akuti sagonekedwa abwerera tsiku lomwelo. Vuto ndine, mtima suli m'malo. Ineyo zaka zapitazo anandibaya mankhwala ogonetsa pong'amba chithupsa cha pabere, podzuka ndinkaona zinthu zoopsa, akuti ndinkakuwa mpaka kumatchula maina a anthu oti anamwalira kale. Mnzanga wa kutchalitchi iyeyo akuti anamupatsa oyera ngati mkaka, pa mphindi zochepa anali atadzuka bwinobwino. Nde abwino ndi ati? Ndamvanso kuti pali jakisoni wodzutsa, kodi tingapemphe kuti awabaye akangomaliza kuti tifulumire kubwerera kunyumba? Ali ndi zaka 52, amamwa ma ARV, komanso ndisabise mowa amalawako kumapeto a sabata."

Mayi, choyamba mtima pansi. Zomwe munaona tsiku lija sikunali kupenga, sizinalinso za mizimu, ife ogonetsa anthu ku fiyeta timaziona kawirikawiri ndipo mmene mwafotokozeramu ndikukhulupirira kuti anakupatsani ketamine. Sizitanthauza kuti amuna anu adzaonanso zomwezo ayi, mwinanso sadzafunika n'komwe kugonetsedwa. Chotupa cha mafuta chikakhala chaching'ono komanso chili pamwamba pansi pa khungu pomwepa, nthawi zambiri timangobaya jakisoni wa dzanzi, lignocaine, mozungulira chotupacho basi, munthu ali maso akucheza ndi anesi, amangomva kuti akukhudzidwa ndi kukokedwa koma ululu ayi, akamaliza kusoka amadzuka n'kumapita. Nde funso loyamba pa tsikulo likhale limeneli, kodi dzanzi lokha silingakwane? Zogonetsa zimabwera pamene chotupa chakula kapena chalowa mkati mwa mnofu, kapena munthuyo ndi wamantha kwambiri moti sangagone chafufumimba mphindi 30 osagwedezeka.

Komanso kugonetsa kuli m'magulu. Pali kongoziziritsa mtima, munthu ali ndi tulo koma mukamuitana akuyankha, ndiye pali kozama koti mpaka mumugwedeze, kenako kugonetseratu kwa opaleshoni yaikulu. Chovuta n'chakuti pakati pa magulu amenewa palibe mpanda, mlingo womwe wangoziziritsa mtima wa mnyamata wa zaka 25 ukhoza kugonetseratu agogo a zaka 75, n'chifukwa chake timathira pang'onopang'ono pa kanula, kachubu kolowa mumtsempha kaja, tikuyang'ana munthuyo, osangoti tawerenga sikelo basi tathira zonse.

Tiyambe ndi ketamine wanuyo poti ndi amene wakusiyirani mantha. Anapangidwa mu 1962 ku America ndipo mpaka lero ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, ndipo ine ndimamulemekeza kwambiri chifukwa m'zipatala zathu zino wapulumutsa anthu osawerengeka. Ubwino wake ndi woti amapha ululu payekha, munthu amapitiriza kupuma yekha nthawi zambiri, ndipo BP saitsitsa koma amaikweza pang'ono, nde kwa mayi yemwe wataya magazi ambiri kapena mwana yemwe wapsa ndi phala ndipo tikufuna kutsuka mabala, kapena pomwe magetsi athima makina a oxygen aima, palibenso wina womuposa. Mumtsempha amagwira pasanathe mphindi imodzi ndipo mphamvu yake yeniyeni imatenga mphindi 10 mpaka 15, koma mutu kuti ubwerere m'malo pamatenga ola kapena kuposa. Munthu amakhala maso ali tong'o, akuyendayenda uku ndi uku, malovu ambiri mpaka pena timaonjezera atropine kuti aume, koma iye kulibe, sakumva kanthu. Vuto limabwera podzuka, ubongo umayamba kulandira mawu ndi kuwala usanathe kuzilongosola, nde ena amalota zokoma, ena amaimba nyimbo za kwaya, ena ngati inuyo amaona zoopsa n'kumabwebweta. Zimachitika kwambiri kwa akuluakulu kusiyana ndi ana, ndipo zimakula ngati pali phokoso, anthu akumugwedeza ndi kumufunsa kuti mwadzuka? mukundidziwa ine ndani? Tikaphatikiza midazolam kapena diazepam pang'ono zimachepa, ngakhale kuti tulo timatalikirako. Amene timasamala nawo pa ketamine ndi a BP yokwera yosatsika, a matenda a mtima, ndi omwe anadwalapo matenda a maganizo oona kapena kumva zinthu zomwe palibe.

Oyera a mnzanuwo ndi propofol. Pa nkhani ya kudzuka msanga mnzanu sananame, amagwira pa masekondi 30 mpaka 60, mukasiya kuthira pa mphindi 5 mpaka 10 munthu watsegula maso mutu uli bwino, nseru kulibe, n'chifukwa chake pa maopaleshoni obwerera tsiku lomwelo amakondedwa dziko lonse. Koma mnzanuyo sanaone zomwe zinkachitika iye ali mtulo. Propofol sapha ululu olo pang'ono, nde pamafunikabe dzanzi kapena mankhwala ena a ululu, amawotcha polowa mumtsempha wa padzanja, amatsitsa BP, ndipo chachikulu amatha kuimitsa kupuma kwa kanthawi, lilime n'kugwera kumbuyo kutseka njira ya mpweya. M'manja mwa munthu wophunzira yemwe ali ndi oxygen pafupi, chopopera mpweya ndi kamakina kapachala koyeza mpweya m'magazi, zimenezi si nkhani, timakweza chibwano, kupopera pang'ono, zatha. Koma pamalo pomwe yemwe akucheka ndi yemweyonso akugonetsa, palibe wina woyang'ana kupuma, ine m'bale wanga sindingalole kuti apatsidwe propofol, bola ketamine ndi maloto akewo.

Kenako pali awiri apachibale, midazolam ndi diazepam, uyu wachiwiriyu ambiri mumamudziwa kuti Valium. Ntchito yawo ndi kuchotsa mantha, kubweretsa tulo ndi kuiwalitsa, ululu sachotsa. Midazolam amagwira pa mphindi 2 kapena 3, timayamba ndi 1 mg kapena 2 mg, okalamba theka lake, kudikira kaye tione, ndipo amaiwalitsa zedi moti munthu amatha kufunsa kuti kodi muyamba nthawi yanji pamene tasoka kale tamata bandeji. Theka la mankhwalawa limakhala litachoka m'magazi pa maola pafupifupi 2. Diazepam ndiye nkhani ina, ndi wotchipa komanso amapezeka paliponse koma amakhalitsa, theka lake kuti lichoke pamatenga tsiku lathunthu mpaka masiku awiri, ndipo chiwindi chikamamuphwanya chimatulutsa mankhwala ena ogonetsanso omwe amakhala nthawi yaitali kuposa pamenepo. Munthu amaoneka kuti wadzuka masana, madzulo tulo tabweranso, mawa lake mutu uli wolemera akuyenda mozandima. Amapwetekanso mtsempha pobaya. Kwa munthu wobwerera kunyumba tsiku lomwelo, pakakhala posankha, ine ndimatenga midazolam.

Gulu lomaliza ndi la opha ululu amphamvu, pethidine, morphine ndi fentanyl. Paokha pa mlingo wabwino savuta kwenikweni kupatula nseru ndi kuyabwa, koma mukawaphatikiza ndi midazolam kapena diazepam mphamvu yawo yochepetsa kupuma imachulukirana kuposa mmene mungaganizire, ndipo ngozi zambiri za kugonetsa pa zinthu zing'onozing'ono zimachokera pa kusakaniza kumeneku. Ndipo nthawi yoopsa sikhala pocheka ayi, pocheka ululu umamudzutsa munthu n'kumapuma, imakhala pamene tamaliza, ululu watha, wagona phee pa trolley aliyense akuganiza kuti zatheka.

Tsopano za jakisoni wodzutsa. Alipo inde, awiri, koma si mmene anthu amakambira. Flumazenil amatsutsa midazolam ndi diazepam basi. Naloxone amatsutsa pethidine, morphine ndi fentanyl basi. Propofol alibe womudzutsa, ketamine alibenso, awa timangodikira thupi liwachotse lokha ife tikuteteza kupuma. Nde ngati amuna anu apatsidwa ketamine kapena propofol, olo mutapempha chotani palibe chobaya.

Ngakhale pomwe alipo, wodzutsayo sachotsa mankhwala ogonetsa m'thupi. Tiyerekeze ndi minibasi yochoka pa depoti ya Zomba kupita ku Limbe. Midazolam wakhala pampando muubongo, flumazenil wabwera wamusuntha n'kukhalapo iye, munthu uja maso tsegu pa mphindi imodzi kapena ziwiri, abale kusangalala. Koma midazolam sanatsike, wangoimirira m'minibasi momwemo, ndipo flumazenil ulendo wake ndi waufupi atsikira pa Thondwe, mpando ukangotsala wopanda munthu mwini wake uja akhalanso mpaka ku Limbe. Mphamvu ya flumazenil imatha pa ola limodzi kapena osakwana, pamene diazepam tanena kale kuti ndi wa masiku. Tsono taganizani mwapempha jakisoniyo, abambo adzuka, mwasaina mwatuluka, mwawakweza pa njinga yamoto kulowera ku Chinamwali, tulo n'kuwabwerera ali pamsewu, kapena afika kunyumba agona kuchipinda okha inu muli kukhitchini, kupuma kukucheperachepera popanda wowaona. N'chifukwa chake munthu tikamubaya flumazenil kapena naloxone satuluka msanga, m'malo mwake amakhalitsa, timamuyang'anira maola osachepera 2 kuti tione ngati tulo tibwerere. Jakisoni amene mukufuna kuti akufulumizitseniyo ndi amene angakuchedwetseni.

Ali ndi zoopsa zakenso. Flumazenil timapereka 0.2 mg kaye kenako pang'onopang'ono osapitirira 1 mg, chifukwa kwa munthu yemwe wakhala akumwa diazepam masiku onse, kapena wa khunyu, kapena yemwe wamwa mankhwala a matenda a maganizo otchedwa amitriptyline ambiri, akhoza kuyambitsa kukomoka kogwedezeka kovuta kukuletsa, poti mankhwala omwe tikanaletsera kukomokako ndi omwewo tawatsekera njira. Kuno ku Zomba poti tili ndi chipatala cha matenda a maganizo, anthu omwa mankhwala a mtundu umenewu timakumana nawo ndithu ndipo ndimafunsa aliyense mosapsatira. Naloxone nayenso mukathira wambiri kamodzi amachotsa ndi kupha ululu komwe, munthu amadzuka akukuwa ndi ululu, kusanza, thukuta, mtima kuthamanga BP kukwera, nde timamusungunula n'kumapereka tizigawo ting'onoting'ono mpaka kupuma kubwerere, osati mpaka munthu ayambe kucheza. Mphamvu yakenso imatha pa mphindi 30 mpaka 90 pamene morphine akadalipo. Awa ndi mankhwala a pangozi, ndipo ngakhale pangozi pomwepo sitiyamba ndi iwo, timayamba ndi kumuitana munthu, kukweza chibwano, oxygen, kupopera mpweya. Flumazenil sapezekanso paliponse, nde wogonetsa wabwino amagwira ntchito ngati kuti kulibe, amapereka mlingo woti munthu adzuke yekha.

Mwachita bwino kwambiri kutchula ma ARV ndi mowa, apa ndiye pagona nkhani ya amuna anu kuposa dzina la mankhwala ogonetsa. Ambiri masiku ano ali pa TLD, ya dolutegravir ija, imeneyo siisokoneza kwenikweni mankhwala ogonetsa. Koma omwe ali pa mankhwala okhala ndi ritonavir, monga atazanavir kapena lopinavir yophatikiza ndi ritonavir, chiwindi chawo chimachedwa kwambiri kuphwanya midazolam, fentanyl nayenso amachedwa kuchoka, moti mlingo wamba ukhoza kuwagonetsa maola ambiri. A TB omwe ali pa rifampicin ndi mosemphanitsa, midazolam amatha msanga mphamvu. Nde musadalire kukumbukira dzina, nyamulani botolo lenilenilo pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala mukaonetse wogonetsayo, ndipo ngati abambo safuna kuti ena amve apemphe kuyankhula naye pambali, chinsinsi chimasungidwa. Asadumphe kumwa ma ARV chifukwa cha opaleshoni, amwe nthawi yake ndi madzi pang'ono pokhapokha atauzidwa zina.

Za mowa anene zoona zake, kuti ndi mabotolo angati, ndi kachasu kapena Chibuku, ndi Loweruka lokha kapena pena ndi mkati mwa sabata momwe. Sitifunsa kuti tiweruze munthu. Womwa kwambiri thupi lake limazolowera nde mankhwala ogonetsa sagwira msanga, timakakamizika kuonjezera, koma ngati chiwindi chatopa omwewonso amachedwa kuchoka, mbali zonse ziwiri n'zofunika kuzidziwa tisanayambe. Asamwe dzulo lake, ndipo asabwere atalawako kuti achotse mantha, tikamva fungo timabweza. Chimodzimodzi chamba, mankhwala azitsamba, mapiritsi a tulo, Piriton, zonse zitchulidwe. Chinanso chomwe inu mukuchidziwa kuposa iwo eni, kodi amaliza mkonono usiku mpaka kumaima kupuma kenako n'kudzidzimuka? Ngati ndi choncho mukanene ndinu, chifukwa anthu otere njira yawo ya mpweya imatsekeka msanga akagonetsedwa. Mphumu, shuga, BP, mano ogwedera kapena oikirira, ndi zomwe zinachitika ngati anagonetsedwapo kale, zonsezi wogonetsa amafuna kuzimva.

Pa za kudya, lamulo ndi maola 6 opanda chakudya, ndipo phala, thobwa, mkaka ndi tiyi wothira mkaka zonse ndi chakudya, madzi oyera okha ndi omwe angamwe mpaka maola 2 isanakwane nthawi. Anthu ena amaona ngati ndi nkhanza za achipatala koma munthu wogonetsedwa akasanza, masanzi amatha kulowa m'mapapo ndipo chibayo chake ndi choopsa. Olo atakuuzani kuti mwina likhala dzanzi lokha, funsani ngati asale kudya, poti pena zinthu zimasintha ali pa tebulo pomwepo.

Akamaliza musakakamize anesi kuti akutulutseni chifukwa minibasi zikutha kapena mvula ikubwera kuchokera kuphiri. Ife tisanamulole munthu timafuna adziwe komwe ali ndi tsiku lake, akhale tsonga popanda chizungulire, ayende yekha mmene amayendera, amwe madzi osasanza, bala lisakhale likutuluka magazi, BP ndi mpweya zibwerere pomwe zinali. Ngati anapatsidwa ketamine inu khalani pambali mwakachetechete, osawagwedeza, osaitana abale onse kudzazungulira bedi, akayamba kubwebweta ingowagwirani dzanja n'kuwauza motsitsa mawu kuti zatha muli kuchipatala, ndipo zomwe angayankhule nthawi imeneyo musazisunge kumtima kapena kuzijambula pa foni. Malangizo a kunyumba mumvetsere ndinu chifukwa wa midazolam amavomera zonse kenako osakumbuka kalikonse. Funsaninso kuti alembe m'kabuku dzina la mankhwala omwe apereka ndi nthawi yake.

Pobwerera pezani galimoto, njinga yamoto kapena kabaza ayi, munthu wa tulo sagwira zolimba. Kwa maola 24 asayendetse galimoto kapena njinga, asakwere padenga, asagwire chikwanje kapena makina, asakhale yekha pafupi ndi mbaula, asasaine za ngongole kapena kutumiza ndalama pa foni, ndipo mowa ayi ndithu olo botolo limodzi. Ayambe ndi madzi, kenako phala, nsima madzulo ngati mtima sukuchita nseru. Za ululu amwe zomwe apatsidwa, Panado amakwana nthawi zambiri pa bala ngati limeneli, asaonjezere tramadol kapena mapiritsi a tulo a munthu wina. Pogona agone chammbali, ndipo usiku woyambawo inu muziwayang'anako, kuwaitana kamodzi kapena kawiri muone ngati akuyankha.

Kugona kwambiri tsiku limenelo, kuiwalaiwala, kachizungulire, kusanza kamodzi, maloto achilendo usiku umodzi kapena uwiri pambuyo pa ketamine, zimenezi zisakuopseni zimatha zokha. Koma mukaona kuti mukuwaitana ndi kuwatsina sakudzuka, kapena akudzuka n'kugweranso mtulo mawu ali pakamwa, akupuma mochedwa kosakwana ka 10 pa mphindi, mkonono wachilendo wodukizadukiza, milomo mkati ndi lilime zasanduka zotuwa kapena zakuda, akugwedezeka ngati wa khunyu, akusanza kosalekeza, kapena bandeji yanyowa ndi magazi ngakhale mwapanikiza, musadikire kuti kuche ndipo musawamwetse kanthu kuti mwina atsitsimuke. Agonekeni chammbali, kwezani chibwano kuti mpweya uzidutsa, pezani galimoto muthamangire ku Zomba Central Hospital, kabuku kaja ndi botolo la ma ARV zili m'manja, mukafika yambani ndi kunena kuti munthuyu anagonetsedwa lero nthawi yakuti. Patapita masiku, bala likayamba kutupa, kufiira, kutuluka mafinya kapena thupi kutentha, bwereraninso msanga tsiku lochotsa ulusi lisanafike.

Mukandifunsa maganizo anga pa bambo wa zaka 52 wa chotupa cha mafuta pamsana, ndingakonde dzanzi lokwanira bwino, ndipo ngati mantha achuluka kamidazolam pang'ono titaona kaye kuti ma ARV awo ndi ati, koma womaliza kusankha ndi yemwe adzawaone maso ndi maso, kuwayeza BP ndi kuona kukula kwa chotupacho. M'zipatala zathu ambiri ogonetsa ndi ma clinical officer omwe anaphunzira ntchito imeneyi mwapadera, nde pemphani kuonana naye tsikulo lisanafike kapena m'mawa mwake, mumufunse kuti adzagwiritsa ntchito chani, ndani adzakhale akuyang'ana kupuma nthawi yonse, komanso ngati oxygen ndi kamakina kapachala zilipo mchipindamo. Inunso mayi, zomwe zinakuchitikirani zija mukapita kuchipatala ulendo wina mupemphe azilembe m'kabuku kanu, kuti tsiku lina mukadzafunika kugonetsedwa adzadziwiretu n'kusankha mankhwala ena kapena kuphatikiza oletsa malotowo.